Mfuti ya Misomali Imene Ndinatumiza Kwathu

Verona, 6 Julayi 2003

Domnica wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi a Tata ndi mwana wathu Saveta. Ine kuno ndili moyo, kungoti dzuwa la chaka chino likuotcha ngati talilakwira. Padenga phula limafewa mpaka nsapato kumata. Tchizi ndi nyama yankhumba yofutsa zija Costan wafika nazo bwino, ngakhale akuti minibasi yake yanunkha kuchokera kumalire mpaka kuno. Akuti ulendo wina ukulunge kawiri, apo ayi tchiziyo idzalipira mpando wa munthu.

Pali nkhani imene ndinalephera kunena pafoni Lamlungu, poti ndinamva kuti a Tata ali chiimire pambali pako. Mu Ogasiti sindibwera. Usakwiye usanamve. Bwana wanga anandilembetsa kuti ndilandire pepala lokhalira m'dziko muno, ndipo munthu akatuluka malire asanaitanidwe ku polisi, dzina lake amalifufuta. Zaka zitatu ndakhala ndikukhotera kumbali ndikaona yunifolomu iliyonse, ngakhale ya wopereka makalata. Sindingataye zonsezi nditatsala pang'ono. Akuti atiitana mu Seputembala.

Ndikudziwa chimene chakufika m'mutu. Nyumba yatsopano yaima ndi matabwa okhaokha pamwamba, pulasitiki ija inang'ambika, ndipo matailosi a phula ali mulu m'khola chigulire chaka chatha. Matabwa amenewo akagoneranso chipale chofewa chaka chino aola, ndipo zaka zanga zitatu ziolera pomwepo.

Ndiye ndaganiza chonchi. Kuno sitikhoma ndi hamala. Tili ndi mfuti ya misomali yoyendera mpweya wa kompresa, ndipo munthu mmodzi amatha denga ngati lathulo masiku anayi. Ndigula imodzi nditumize. Mlongo wako Nechifor akhoma, ine ndimuthokoza bwino. A Tata asakwere. Ndikudziwa kuti anafolera theka la mudzi wathu ndi manja awo, koma zaka makumi asanu ndi awiri si zokwera nazo makwerero. Uwauze iweyo, umadziwa kuwafika pamene adya.

Ndine mwamuna wako,
Ilarie


Verona, 27 Julayi 2003

Domnica,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti Saveta wagweruka dzino lakutsogolo. Umuuze aseke kwambiri Lamlungu, mwina ndimva mpatawo pafoni. Ine ndili bwino, kupatula msana umene umadandaula m'mawa.

Mawu a Tata ndawamva ndekha, sunafunikire kuwafewetsa. Analanda foni n'kuti, "Iwe mwana, nyumba yakulakwira chiyani kuti uiwombere? Msomali umafuna munthu aumve pamene wafika." Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Asiye, akadzaona liwiro lake adzakhala chete.

Dzulo ndinapita kusitolo yaikulu ya zomangira ndi a Pintilie, mkulu uja wa ku Vicov amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Iwo akhala pamadenga a kuno zaka khumi, ndiye ndinati akhale maso anga. Mfuti zinalipo zitatu. Yoyamba ndi ngati ya bwana, mayuro mazana asanu ndi limodzi, popanda kompresa. Imeneyo tinangoipatsa moni. Yachiwiri mazana atatu ndi kompresa yake, yolemera bwino m'manja. Yachitatu inali m'bokosi limodzi lalikulu, zonse momwemo: mfuti, kakompresa, paipi, misomali yokulunga mkombero, ndi magalasi otchinga maso. Mtengo wake zana limodzi ndi makumi atatu.

A Pintilie anainyamula yachitatuyo n'kuigwedeza pafupi ndi khutu ngati akusankha chivwende.

"Iyi ndi yoopsezera akhwangwala m'munda," anatero.

"Denga ndi limodzi, akulu, sindikutsegula kampani," ndinayankha.

Mtsikana wa m'sitolomo anati anthu ambiri amagula yomweyo pokonza timakola ndi tinyumba ta nkhuku. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kunyamula iyi, kusiya, kunyamula iyo. Mapeto ake ndatenga ya m'bokosi. Usade nkhawa, ntchito yake ndi yomweyo, chokwera mtengo pa zinazo ndi dzina chabe. Ndalama kuno zili ndi njira zambiri, ndipo pali kanthu kena kamene ndikukonza, kamene udzakaona ndi maso ako. Pakadali pano usandifunse.

Nechifor akonzeke. Ayambe wayala pepala lakuda lija pamatabwa, lili kuseri kwa matailosi.

Wako,
Ilarie


Verona, 24 Ogasiti 2003

Wokondedwa Domnica,

Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira nanunso muli chimodzimodzi. Tsiku la Maria Woyera ndinalitha m'chipinda. Anzathu amene ali ndi mapepala onse anapita kwawo, magalimoto atadzaza mpaka padenga, mzinda unangotsala ndi ife ndi nkhunda. Ndinkaganiza za iwe uli m'tchalitchi pakati pa akazi amene amuna awo abwera. Sindinena zambiri pamenepo.

Bokosi likubwera ndi kalata ino. Ndaikamonso nsapato za Saveta za kusukulu, khofi wa a Tata, ndi mpango wobiriwira umene ndinauona pamsika. Costan ndamulipira kale, asakunamize.

Mfutiyo ndaiyesa kuseri kwa nyumba pa thabwa lakale. Umuwerengere Nechifor izi, pang'onopang'ono, chifukwa amamva ndi khutu limodzi.

Kompresa ailumikize kumagetsi a kunyumba yakale, asaiike padzuwa, ndipo aidikire idzaze isanayambe ntchito. Ndi yaing'ono, imatopa msanga ngati bulu wokalamba. Ayambire m'munsi kupita pamwamba, misomali inayi pa tailosi iliyonse, pamzere wojambulidwa. Msomali ukalowa kwambiri mpaka kuboola phula, achepetse mpweya.

Kutsogolo kwa mfuti kuli kamlomo kachitsulo. Mfuti siilira kamlomoko kasanagunde thabwa. Ka iyiyi kamauma, nthawi zina umachita kukanikiza kawiri katatu. Kakamuvuta, akakokere m'mbuyo n'kukamanga ndi waya, ndiye azingokhethemula basi. Kuno ambiri amatero bwana akatembenuka, ntchito imathamanga. Mwa apo ndi apo imalavula misomali iwiri nthawi imodzi, asadabwe, ndi khalidwe lake.

Zonsezi zikumveka zambiri papepala, koma ndi zosavuta. Ngakhale iwe ungathe.

Ku polisi sanatiitanebe. Ena akuti Okutobala.

Ndine,
Ilarie


Verona, 5 Okutobala 2003

Domnica wanga,

Moni. Ine ndili bwino, chimfine chija chatha. A Tata uwauze kuti mankhwala a mawondo ndawapeza, abwera ulendo wamawa.

Za Nechifor sindikufuna kulemba zambiri, ndi mlongo wako. Munthu amene walandira mfuti, wamwa tsuika, kachasu uja wa a Tata, walonjeza pamaso pa anthu, kenako n'kukwera basi ya ku Spain kukathyola mphesa osatsanzika. Koma ndingamunene bwanji ine? Nayenso wachita zimene ndinachita ineyo. Amuna a mudzi wathu tonse tikufolera nyumba za eni.

Costan wandiuza zimene sunandiuze. Akuti atafika ndi katundu wa anthu anamva phokoso ngati kuli nkhondo, atakweza maso anaona munthu padenga atavala buluku langa lakale, mpango wobiriwira kumutu.

"Ndinayesa mwalemba ganyu," anatero, "koma waganyuyo anandikalipira kuti ndaponda paipi. Ndinadziwa kuti mawu awa ndi a mayi a Saveta."

Akuti a Tata anali pansi, atagwira makwerero, akukuwa kuti mzere wakhota. Anthu onse pamalo oimikira minibasi anaseka, inenso ndinaseka nawo. A Pintilie okha sanaseke. Anandiyang'ana, n'kupita kukagula fodya.

Sindikudziwa kuti ndinene chiyani, Domnica. Mtima wina ukunyada. Mtima wina ukuti munthu amene wakama ng'ombe m'bandakucha, waphika, wasoka malaya a anthu, sayenera kukhala padenga. Ndikanati utsike, koma ndani akwere? Akuti mbali ya kumsewu watha, yatsala ya kumapiri. Ngati nyengo ikulola, yesetsa umalize tsiku la Dumitru Woyera la kumapeto kwa mwezi uno lisanafike, chifukwa likadutsa limenelo chipale sichipempha chilolezo. Usakwere m'mawa matabwa ali ndi mame. Uvale magalasi aja.

Kanthu kaja kakuyenda bwino. Pa Khirisimasi mudzi wonse udzatuluka kudzaona.

Wako nthawi zonse,
Ilarie


Verona, 2 Novembala 2003

Domnica,

Ndili bwino. Funso ndi lakuti inu muli bwanji.

Malamlungu awiri ndaimba. Loyamba foni inangolira. Lachiwiri anayankha Saveta, n'kuti amayi ali kwa anansi, agogo ali padenga, kenako wina anamulanda n'kudula. A Tata akutani padenga?

Kalata yako yafika dzulo. Ikuti zonse zili bwino, denga latsala pang'ono, ng'ombe ikudya. Koma si iwe walemba. Zilembo zako ndimazidziwa, zimapendekera kutsogolo ngati zikuthamangira basi. Izi ndi zoimirira, za aphunzitsi a Saveta, ndipo iwe sunayambe wanditchulapo "mwamuna wanga wolemekezeka."

Ndamufunsa Costan. Anayamba kumanga zingwe za katundu zimene zinali zomanga kale.

"Ine ndimanyamula mabokosi, Ilarie, sindinyamula nkhani," anatero.

Mwezi wathawu nkhani anazinyamula bwinobwino.

Ndiuze. Chilichonse chimene chachitika, ndiuze. Lamlungu ndiimba nthawi ya chakudya chamasana, ndipo ndiimbabe mpaka khadi ya foni ithe.

Ilarie


Verona, 16 Novembala 2003

Domnica wanga,

Sindikufunsa ngati uli bwino, chifukwa tsopano ndikudziwa. Zimene sindinakuuze pafoni, ndikulemba muno.

Wanena mwachidule ngati ukunena za mbale yosweka. Msomali unakodwa m'kati, unagwira mfuti ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumakolokosa kukamwa kwake, ndipo inalira. Misomali iwiri pachikhatho. A Tata anakutsitsa okha pamakwerero, n'kukupititsa kutauni pa ngolo ya anansi. Masiku asanu ndi anayi m'chipatala, ine kuno ndikudya ndi kugona. Dokotala akuti zala ziwiri mwina sizidzapindikanso. Wamaliza ndi kuti, "Ndinalakwa ndine, sindinasamale."

Sunalakwe. Tsegula kalata yanga ya mu Ogasiti uone. Ndinalemba za dzuwa, za mzere, za mpweya. Sindinalembe kuti msomali ukakodwa uyambe wachotsa paipi, chinthu chimene bwana anandiuza tsiku langa loyamba. Ndipo kamlomo kaja kakanakhala kosamanga, mfutiyo sikanalira m'manja mwako. Waya uja unamanga ndiwe, koma anakuuza ndine.

Pali zinanso. M'sitolo muja a Pintilie sananene za akhwangwala zokha. Anandikokera pambali n'kuti, "Ilarie, yotereyi ungaigwire iwe amene ukudziwa misala yake. Usaitumize kwa munthu amene sanagwirepo. Tenga yapakatiyo." Mawu amenewo sindinakulembere. Nditaiyesa n'kuona kuti kamlomo kakuuma, anandiuza kuti ndikaibweze, masiku obwezera anali asanathe. Sindinapite.

Ndipo si kuti ndalama inalibe. Inali m'thumba mwanga tsiku lomwelo. Kanthu kaja ndinkakubisira ndi galimoto, Domnica. Yakale, yofiira, ya mkulu wina wa kuno amene anasiya kuyendetsa. Ndinkafuna kudzalowa nayo m'mudzi pa Khirisimasi, pang'onopang'ono, kudutsa patchalitchi anthu akutuluka, kuti aone kuti ine mwana wa Toader nanenso sindinapite pachabe. Nditaima pakati pa mfuti ziwiri zija, ndinkaganiza za matayala. Ndi zimenezo. Ndafufuza chifukwa china chooneka bwino, sindinachipeze.

Galimotoyo ndaibweza kwa mwini wake. Sindikunena kuti undiyamikire, ndikungoti udziwe kuti sudzaiona.

Ndinakuuza kuti ndikwera minibasi ya Loweruka, pepala likhale. Yankho lako ndalimva, ndipo likundilirabe m'makutu: "Ukabwera lero, dzanja langali lapita pachabe. Khala komweko mpaka akupatse, udzabwere ngati munthu woti angathe kubwereranso." Unanena usanadziwe zimene ndalembazi. Ukawerenga, ngati ufuna kusintha mawu, kapena kuti ndisabwere n'komwe, unene.

Kalata ino asakuwerengere aphunzitsi. Maso ako ali bwino.

A Tata akana kulankhula nane. Saveta akuti agogo anamaliza mbali ya kumapiri ndi hamala, masiku khumi ndi limodzi, tsiku lomaliza chipale chikuwagwera pamsana, ndipo mfutiyo anaiponya m'chitsime chakale chouma. Uwauze kuti ndamva. Usawauze china, palibe chimene ndinganene choti chiwakwanire.

Ng'ombe musagulitse msanga. Pemphani mkazi wa mnansi wathu Gavril azikama, azitenga theka la mkaka.

Ilarie


Verona, 14 Malichi 2004

Domnica wanga,

Moni kwa iwe, kwa a Tata ndi kwa Saveta. Ine ndili bwino. Makalata anga anayi a m'nyengo yozizira sunayankhe, ndipo sindikudandaula. Pafoni umandiuza za nkhuni, za sukulu, za mtengo wa chimanga cha nkhuku, ndipo ine ndimamvetsera mpaka khadi ithe. Za kalata ija sunatchulepo. Khirisimasi ndinadya ndi a Pintilie, awiriwiri. Anaphika kabichi wokulunga nyama, anapsereza, tinadya choncho.

Pepala latuluka. Anatiitana Lachinayi, tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wapolisi anandidinda zala zonse khumi, chimodzichimodzi, akuzipinda ndi kuzigudubuza pa inki. Ndi kapepala kakang'ono, Domnica, kochepa kuposa chikhatho. Ndinakhala nako pabenchi panja, osadziwa woti ndimuonetse.

Bwana wandipatsa milungu isanu. Ndikwera ndi Costan Loweruka la pa 27, tifika Lolemba masana ngati kumalire sikuvuta.

Lamlungu lapitali a Tata anatenga foni, koyamba chichokere Okutobala. Mwina unamva uli kukhitchini. Sanandipatse moni.

"Mphepo ya mu Febuluwale yakanganula mizere itatu mbali ya kumsewu," anatero. "Chida chako chinkamiza misomali, phula linabooka. Mkazi wako anakhoma mowongoka, cholakwa si chake. Ine mawondo akana. Ubwere udzazule, ukhome bwino."

"Ndamva, Tata."

"Hamala ilipo. Usagule kanthu."

Anadula pomwepo. Ndinatuluka m'kanyumba ka foni ndikulira ngati mwana, mayi wina woyenda ndi galu mpaka anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi, bambo anga andikalipira.

Costan akuti ng'ombe munagulitsa mu Januwale, ndipo makina osokera unabwereketsa kwa mwana wa Gavril. Akutinso ndowa umanyamulira pachigongono, ndipo dzanjalo umalibisa m'thumba la epuloni anthu akabwera. Sunandiuze, ndipo sindikufunsa chifukwa chake.

Ndili ndi pempho limodzi. Musadzandichingamire pasitolo pamene minibasi imaima, pamene pamadzaza anthu ofuna kuona amene wanenepa ndi amene wabwera ndi chiyani. Ndamuuza Costan anditsitse pamlatho, ndidzayenda wapansi kudzera kumunda. Saveta adzakhala ali kusukulu, a Tata adzakhala akunamizira kuti ali ndi ntchito m'khola. Ndikufuna ndidzakupeze wekha.

Masiku onsewa ndakhala ndikuganiza za moni wake. Zaka pafupifupi zinayi, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti ndikadzafika pachipata ndidzatani ndi manja anga. Ndikudziwa kuti udzafuna kundipatsa lamanzere, kuti undipeputsire. Usatero, Domnica. Ulitulutse m'thumba, undipatse lomwelo.

Ndine mwamuna wako,
Ilarie